Ulimi wa nsomba ndi masamba m'thanki: pezani wogula musanagule pampu

Sabata yathayi kunyumba kwanga ku Machinjiri kunabwera mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Bangwe. Mnyamatayu anamaliza sukulu zaka zitatu zapitazo koma ntchito sinapezeke, choncho amangodalira maganyu. Atakhala pansi anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa mzungu wina akukolola letesi wobiriwira bwino pamwamba pa madzi, kwinaku nsomba zikusambira m'thanki pambali pake.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "amayi avomera kunditengera ngongole ku banki mkhonde. Ndikufuna ndiyambe zimenezi kuseri kwa nyumba. Inu munayesapo, tandiuzani kogula pampu."

Ndinamuuza kuti kogula pampu ndimulozera, koma ayambe wandiyankha mafunso awiri. Loyamba, kodi nsomba zakozo zidzakhala zikutani mwezi wa Juni ndi Julaye? Lachiwiri, kodi letesi wakoyo adzagula ndani, mwezi uti, pa mtengo wanji? Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Sindikumuseka ayi, pakuti inenso pamene ndinkayamba mafunso amenewa sindinadzifunse, ndipo ndinalipira ndi ndalama zimene tinkasungira malata.

Maganizo anga lero ndi akuti ulimi umenewu ungathe kupindula m'matauni athu a Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, koma kwa munthu yekhayo amene wayamba ndi kalendala ndi wogula. Woyamba ndi pampu ndi mapaipi akungogula ngongole.

Kwa amene simunauonepo, ulimiwu amautcha aquaponics. Nsomba zimakhala m'thanki. Zikadya zimatulutsa zonyansa zokhala ndi amoniya, amene ndi poizoni kwa nsombazo akachuluka. Pampu imakoka madziwo kupita nawo m'mabedi odzaza ndi timiyala ta kwale, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tizilomboti timasandutsa amoniya uja kukhala chakudya cha mbewu. Mizu ya masamba imayamwa chakudyacho, ndipo madzi amabwerera kwa nsomba atayera. Palibe kugula feteleza wa m'thumba, palibe kupalira, ndipo madzi omwewo amangozungulira. Kwa munthu wa pa puloti yaing'ono ya ku Ndirande, amene alibe dimba ndipo madzi amachita kugula, nkhani imeneyi ndi yokoma kuimva.

Koma onetsetsani kuti pali zamoyo zitatu zomangidwa pa chingwe chimodzi: nsomba, mabakiteriya ndi mbewu. Chimodzi chikafooka, zinazo zimatsatira. Ndipo chimene chimafooketsa ziwiri zoyambazo kuno ku Blantyre ndi chisanu.

Chisanu cha kwathu kuno

Anthu ambiri akamva za dziko lozizira amaganiza za ku Ulaya kumene kumagwa chipale. Amaiwala kuti nsomba ya mtundu wa chambo ili ndi muyeso wakewake wa kuzizira. Makumba, chambo ndi chilunguni zimakula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika pansi pa 20 zimayamba kudya monyinyirika, akafika cha m'ma 16 zimangotsala pang'ono kusiyiratu, ndipo akayandikira 12 kapena 10 zimayamba kudwala ndi kufa.

Tsono mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mbali ya Limbe ndi Bangwe ndi yokwera kuposa pamenepo. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kufika madigiri 12 kapena 13, ndipo kukabwera chiperoni, kamvula ndi nkhungu zija zochokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, dzuwa limatha masiku atatu kapena anayi osaoneka. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu, imasunga kutentha kwake chaka chonse. Dziwe lokumba nalo nthaka imalifunditsa. Koma thanki ya malita 1,000 yoima pabwalo, madzi ake akuyenda m'mapaipi ndi m'timiyala usiku wonse, imazizira pamodzi ndi mphepo. Kwa chambo cha m'thanki, Bangwe wa mu Julaye ndi dziko lozizira ndithu.

Ine ndinayamba mwezi wa Epulo chifukwa ndi pamene ndalama inapezeka. Ndinagula mbewu ya nsomba, ndinabzala letesi ndi repu, ndipo mwezi woyamba anansi ankabwera kudzaonerera. Pofika kumapeto kwa Juni nsomba zinasiya kuthamangira chakudya. Mwaumbuli wanga ndinaganiza kuti zatopa nacho, ndinagula china n'kumathira chochuluka. Chakudya chosadyedwa chija chinkawolera pansi pa thanki, amoniya n'kumakwera, pamene mabakiteriya oti amuchotse nawonso anali atafooka ndi kuzizira. Masamba anayamba chikasu. Mu Julaye kunabwera chiperoni cha masiku angapo, ndipo mmawa wina ndinapeza nsomba zambiri zikuyandama, zina zili ndi zoyera ngati thonje pakhungu. Mayi a kunyumba anangoyang'ana m'thankimo n'kunena kuti, "Bambo, malata aja ndi amenewa?" Ndinasowa poyankha.

Choipa china n'chakuti letesi ndi repu wochepa amene ndinakolola anakumana ndi msika wodzaza. Nyengo yozizira ndi imene alimi a m'madimba a ku Bvumbwe, Thyolo ndi Chiradzulu amatsitsa masamba ochuluka ku Limbe, ndipo mtengo umagwa. Ine amene ndinalipira magetsi ndi chakudya cha nsomba ndinayenera kugulitsa pa mtengo wofanana ndi wa mayi amene anathirira ndi khasu ndi kheni m'mbali mwa mtsinje. Ndinalakwitsa kawiri: nsomba ndinazilowetsa m'chisanu zili zazing'ono, masamba ndinawalowetsa pamsika nthawi imene aliyense ali nawo.

Akuluakulu anachita bwanji?

Wina anganene kuti vuto linali umbuli wanga wokha. Inde unalipo, koma taonani zimene anachita anthu a mpamba waukulu. Kampani ya Chambo Fisheries, imene inayamba kuweta nsomba m'mathanki akuluakulu kunja kwa mzinda wa Blantyre mu 2013, sinanyozere kuzizira kwa kuno. Ngakhale njira yawo sinali yophatikiza ndi masamba, vuto linali lomweli, ndipo pomanga famuyo anaikiratu maiwe osaya otenthetsera madzi ndi dzuwa kuti nsomba zizikula chaka chonse. Kampani ya Maldeco nayo nsomba zake inakaziika m'zikwere pa nyanja ku Mangochi kumene madzi ndi ofunda kale. Ngati a ndalama zawo anayamba awerengera chisanu asanathire nsomba imodzi, nanga ife a ngongole ya banki mkhonde tingachinyoze bwanji?

Kumaiko ozizira kwenikweni nkhani zake n'zophunzitsa. Mumzinda wa Milwaukee ku America, famu ya Sweet Water Organics inatchuka kwambiri poweta nsomba ndi masamba m'fakitale yakale, koma inatsekedwa mu 2013. Mumzinda wa The Hague ku Netherlands, kampani ya UrbanFarmers inatsegula famu yokongola pamwamba pa nyumba yosanjikiza mu 2016, ndipo pofika 2018 inali itagwa. Nsomba zinkakula, matimati ankabereka, koma pafupi pomwepo pali dera la Westland lodzaza ndi alimi a matimati otsika mtengo, ndipo ogula okwanira kulipira mtengo wokwera sanapezeke. Westland wawo ndi Bvumbwe wathu. Pamene famu ya Superior Fresh inkayamba m'chigawo chozizira cha Wisconsin mu 2017, inasankha nsomba ya salmon imene imakonda madzi ozizira, ndipo katundu wake wochuluka anali masamba opita m'masitolo.

Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins anafunsa alimi 257 ochita malonda a ulimi umenewu, ambiri a iwo a ku America, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2015 zinaonetsa kuti amene anapeza phindu m'chaka chapitacho sanakwane mmodzi mwa atatu alionse. Awa ndi anthu okhala kumene magetsi sazimazima ndipo zipangizo amagula pafupi. Kanema wa pa foni sanena zimenezi.

Tiwerengere limodzi

Tiyeni titenge thanki ya malita 1,000, imene ambiri amayambira. Buku la bungwe la FAO la chaka cha 2014 lonena za ulimi umenewu limalangiza kuti woyamba kumene asapitirire makilogalamu 20 a nsomba m'madzi ochuluka chotero. Ngati nsomba iliyonse mukufuna ifike magalamu 250, ndiye kuti ndi nsomba 80 basi. Makumba athu sathamanga kukula, choncho mudzadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo miyezi yake ikhale yotentha. Nsomba 80 pa chaka si bizinesi, ndi ndiwo za pakhomo ndi zogulitsako pang'ono.

Tsono taonani mbali ya masamba. Nsomba zimenezo zikakula zimadya magalamu pafupifupi 200 a chakudya pa tsiku. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi obzalapo masamba amafuna zonyansa zochokera ku magalamu 40 mpaka 50 a chakudya pa tsiku. Ndiye kuti thanki yanu ingadyetse malo otere anayi kapena asanu. Pa malo amodzi pamalowa letesi 20 kapena 25, ndipo amakhwima pakatha masabata anayi kapena asanu chiwokereni. Mwezi wabwino mungakolole mitu ya letesi pafupifupi 100, mwezi wotsatira chimodzimodzi. Nsomba mukolola kamodzi, masamba mukolola mwezi ndi mwezi. Apa mpamene ndinazindikira kuti pa ulimi umenewu nsomba ndi fakitale ya manyowa, ndalama ili m'masamba.

Nanga kutenthetsa madzi ndi magetsi? Kukweza malita 1,000 ndi digiri imodzi yokha kumadya yuniti imodzi ya magetsi ndi kachidutswa. Kuchotsa madzi pa madigiri 17 kufika pa 25 ndi mayuniti oposa 9, ndipo kutentha kumeneko kumathawa usiku uliwonse, mawa n'kuyambanso. Werengani masiku a Juni, Julaye ndi theka la Ogasiti, muone ngati nsomba 80 zingabweze ndalama imeneyo. Sizingatheke. Mlimi wamng'ono chisanu sangachigonjetse ndi hita, angathe kungochizemba ndi kuchichepetsa.

Kuchichepetsa kwake n'kosafuna zambiri. Mangani kashedi ka pulasitiki yoonekera kuti kazisunga kutentha kwa masana. Thanki ikwirireni theka m'nthaka, mbali yotsalayo muikute ndi udzu kapena matumba a utuchi, ndipo usiku muziivundikira koma mpweya uzilowa. Paipi yakuda yokulunga padenga imatenthetsa madzi masana, koma dzuwa likapendeka muziitseka, kupanda kutero idzaziziritsa madzi omwewo. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, muziyeza mmawa uliwonse ndi kulemba m'kope. Madzi akazizira chepetsani chakudya, ndipo chimene nsomba sizinadye pakatha theka la ola chichotseni. Nsomba siifa msanga ndi njala, imafa ndi madzi oipa.

Wogula wanu ndani?

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani. Mayi wa ku Zingwangwa akapita kumsika madzulo amagula mulu wa usipa, bonya kapena matemba, ndi kamtolo ka mpiru kapena nkhwani. Safunsa ngati masambawo anamera m'madzi a nsomba kapena m'dimba, amafunsa mtengo. Pa repu, mpiru ndi tchayinizi simungapikisane ndi dimba, ndipo musayese n'komwe. Pa nsomba mukupikisana ndi za ku Mangochi, za m'firiji zochokera ku Zambia, karapau, ngakhalenso zidutswa za nkhuku.

Wogula amene angalipire mtengo wokwanira ndi wina: malo odyera ndi ogona alendo a m'tauni, ku Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe ndi Mandala, mahotela, masitolo akuluakulu, ndi mabanja a amwenye ndi alendo ena amene amafuna letesi, dhania, timbewu tonunkhira ta mint ndi basil, ndi sipinachi woyera wopanda dothi. Koma ogula amenewa ali ndi khalidwe lawo. Amafuna katundu wofanana sabata iliyonse osadumphitsa. Ukalephera kawiri amakusiya osakuuza. Ambiri salipira pompopompo, amati bwerani kumapeto kwa mwezi, pamene banki mkhonde imafuna yake sabata ndi sabata. Ena amafuna risiti ndi umboni wakuti bizinesi ndi yolembetsa. Zonsezi muzidziwe musanamange.

Langizo limene ndinampatsa mnyamata uja ndi ili. Tenga kope, uyende malo khumi, ulankhule ndi wophika wamkulu kapena wogula katundu. Ufunse masamba amene amavuta kupeza, mwezi umene amasowa, kuchuluka kwake pa sabata, mtengo, ndi tsiku lolipira. Ukapeza awiri kapena atatu ovomera, uyambe kuwaperekera masamba obzala m'matumba ndi manyowa wamba kwa miyezi itatu. Mpamba wake ndi wochepa, ndipo udzadziwa ngati odayo ndi yeniyeni, ngati ungathe kudzuka mbandakucha kukwera minibasi ndi katundu wosafota, ndiponso ngati amalipiradi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa si oda.

Kalendala yake

Nthawi yolowera pamsika ndi dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imaononga letesi ndi matimati a pabwalo, madimba ambiri amamira, matenda a masamba amachuluka, ndipo ophika m'mahotela amasowa katundu wooneka bwino. Nthawi yomweyo ndi imene madzi a m'thanki ndi ofunda, nsomba zikudya kwambiri, manyowa ali ochuluka, ndipo mbewu zanu zili pansi pa pulasitiki osamenyedwa ndi mvula. Mphamvu yanu ndi kusowa kwa msika zimakumana pamenepo. Samalani kokha kuti letesi kukatentha kwambiri amathamangira kuchita maluwa n'kuwawa, choncho muike mthunzi ndi kusankha mitundu yopirira kutentha.

Tikawerenga chobwerera mmbuyo, kumanga kuchitike mu Julaye ndi Ogasiti. Mabakiteriya amafuna masabata atatu mpaka asanu kapena kuposa kuti akhazikike, choncho madzi ayambe kuzungulira kumapeto kwa Ogasiti. Mbewu ya nsomba ilowe mu Sepitembala kukayamba kufunda. Poyamba bzalani masamba ochepa chifukwa tinsomba tating'ono manyowa ake ndi ochepa, muziwonjezera pamene tikukula. Pofika Disembala mabedi onse akhale odzaza. Nsomba zikuluzikulu mugulitse mu Malichi ndi Epulo, nthawi ya Pasaka, chisanu chisanafike. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mutsale ndi nsomba zochepa zokhwima, mabedi ochepa, ndi ogula anu okhazikika okha. Miyezi imeneyo muilembe m'buku ngati yopanda phindu, ndipo ndalama yodutsira muisunge kuchokera pa malonda a dzinja.

Wodziwa kusamala angasunge nsomba zina kudutsa chisanu kuti adzazigulitse mu Novembala ndi Disembala, pamene usodzi wa makoka umatsekedwa pa nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane, ndipo Khirisimasi ili pafupi. Apa mpamene mlimi wa m'tauni ali ndi chinthu chimene wa ku Mangochi alibe: nsomba yamoyo, yovuulidwa wogula akuona. Thanki ndiyo firiji yanu. Zimene sizinagulidwe lero zikusambirabe mawa.

Nsomba yanji, madzi ati, magetsi ati?

Ena akumanong'onezana za Nile tilapia, yoti imakula msanga ndipo ndi imene amaweta ku Zambia. Dziwani kuti malamulo a za usodzi m'dziko muno salola kulowetsa ndi kuweta nsomba zachilendo popanda chilolezo, pofuna kuteteza mitundu ya m'nyanja yathu, ndipo Nile tilapia nayonso imamva chisanu. Nsomba ya trout ya pa phiri la Zomba imakonda madzi ozizira, koma Okutobala wa ku Blantyre singampirire. Mlamba ndi wolimba, umapuma mpweya wa kunja ndipo magetsi akazima sufa msanga, koma nawo umakonda madzi ofunda, ndipo pali ogula ambiri, monga a mpingo wa Seventh Day, amene sadya nsomba yopanda mamba. Kwa ambiri a ife zotsala ndi makumba ndi chilunguni. Chilunguni chimadya masamba, choncho zotsalira za letesi sizitayidwa. Makumba amaswana akadali aang'ono n'kudzaza thanki, ndiye ndi bwino kufunafuna amphongo okhaokha. Mbewu yabwino funsani kwa alangizi a za nsomba kapena ku malo a kafukufuku a boma ku Domasi, kumene ntchito yoweta nsomba inayamba m'zaka za m'ma 1950. Safunsa anadya phula.

Chakudya nacho muchiwerengere bwino. Gaga yekha amene amathira m'maiwe sakwanira m'thanki, amadetsa madzi ndi kutseka mapaipi. Pamafunika chakudya choyandama, ndipo chambiri chakhala chikuchokera kunja, makamaka ku Zambia. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, kuphatikizapo mapampu, mabatire ndi mchere wa ayironi umene mbewu zimafuna kuti zisachite chikasu. Powerengera phindu musagwiritse mtengo wa lero ngati kuti udzakhala womwewo pokolola.

Pampu ndi kamakina kopemerera mpweya siziyenera kuima nthawi yaitali. M'thanki yodzaza nsomba, maola ochepa opanda mpweya nyengo yotentha ndi okwanira kupha zonse. Tonse tikukumbuka mmene mdima unalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sola ndi batire muziwerenge ngati mbali ya mpamba woyambira. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala a klorini amene amapha mabakiteriya, choncho muziyamba mwawasiya m'diramu tsiku limodzi kapena awiri. Thanki yogula kaunjika mufunse chimene munali kale. Mankhwala ophera tizilombo m'masamba musapope, amapha nsomba. Ndipo kumbukirani kuti malita 1,000 ndi tani imodzi. Pa mapuloti athu a m'mphepete mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Bangwe, amene tinaona zimene madzi anachita ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, thanki isaime pa dothi lothira kapena kumtunda kwa khoma la mnansi. Wa lendi ayambe wagwirizana ndi eni nyumba.

Kwa otsutsa mbali zonse

Alipo amene adzati ndikugwetsa ulesi achinyamata pamene dziko likusowa nsomba. N'zoona kuti m'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2000 muyesowo unali utatsika kuposa theka, chambo n'kusanduka ndiwo ya olemera. Koma njala ya nsomba ya dziko lonse sidzathetsedwa ndi mathanki a kuseri kwa nyumba. Imeneyo ndi ntchito ya maiwe, zikwere ndi kusamala nyanja. Kuuza mnyamata kuti alemera ndi nsomba 80 n'kumunamiza. Zionetsero zimene mabungwe amamanga m'masukulu ndi zabwino pophunzitsa, koma magetsi, chakudya ndi wolondera amalipira ndi ena. Musatengere phindu pamenepo.

Aliponso amene adzati zonsezi n'zachizungu, tizisiye. Awanso sindigwirizana nawo. Malo olima m'tauni akutha, mitsinje ya Mudi ndi Naperi madzi ake tonse timawadziwa, ndipo ogula ofuna masamba aukhondo akuchuluka. Ine nditakonza kalendala yanga ndi kupeza ogula atatu okhazikika, sindinalemere ayi, koma thanki inayamba kudzilipira yokha, ndiwo pakhomo sizisowa, ndipo malata aja anagulidwa, ngakhale mochedwa.

Pempho langa likupita mbali zitatu. Kwa akatswiri a ku Domasi ndi ku Bunda, tipatseni m'Chichewa, m'mapepala ofika kwa mlimi, mmene makumba ndi chilunguni zimakulira m'thanki mwezi ndi mwezi m'madera okwera ngati Blantyre, Dedza ndi Mzuzu. Kwa obwereketsa ndalama, ngongole ya ulimi umenewu yoyamba kubwezedwa sabata yotsatira ndi msampha, pakuti letesi woyamba wogulitsa amatuluka patatha miyezi itatu kapena inayi chimangireni. Kwa achinyamata, mutu umodzi susenza denga. Thanki imodzi singakwanitse oda ya hotela sabata iliyonse, koma anthu asanu a ku Chilomoni kapena Bangwe obzala mosinthana masabata, ogula chakudya cha nsomba pamodzi ndi kutuma munthu mmodzi kukapereka katundu, angathe kuisunga odayo chaka chonse.

Mnyamata uja anachoka kwathu wopanda dzina la sitolo ya pampu. Ndinampatsa kope, bolopeni, kachipangizo kanga kakale koyezera madzi, ndi ndowa yoti aiike kuseri kwa nyumba ya mayi ake ku Bangwe, aziyeza madzi ake mmawa uliwonse. Ndinawaimbiranso foni achemwali anga kuti ngongole ija ayambe aimika. Tagwirizana kuti akabwera ndi mayina a ogula atatu ndi manambala a m'ndowa muja, tidzapita limodzi ku Limbe kukagula pampu, ndipo mapaipi ndidzamuthandiza kulumikiza ndine.